Nyumba ikhale yako, malo akhale a gulu: nkhani ya community land trust ndi mmene ingatithandizire kuno ku Dedza ndi Ntcheu

Aliyense amene wafunsapo mtengo wa poloti pa Dedza boma, pa Lizulu kapena pa Tsangano turn-off zaka zimenezi akudziwa kuti chikutilepheretsa kukhala ndi nyumba zathuzathu si njerwa ayi, njerwa timaumba tokha, mchenga uli kumtsinje, amisiri tili nawo mmudzi momwemo. Chikutipweteka ndi malo. Malo oti dzana lomweli anali munda wa kachewere lero akuwatchula mamiliyoni chifukwa choti ali pafupi ndi msewu wa M1 kapena mapolo a magetsi adutsa chapafupi, ndipo ogulawo kambiri si anthu a konkuno, ndi mabwana a ku Lilongwe oti akagula amangozika mabikoni nkubwerera, malowo nkukhala tchire zaka ndi zaka akudikira kuti mtengo ukwere adzagulitsenso. Pamene aphunzitsi a ku pulayimale, anamwino, amayi a geni ya tomato ndi kabichi pamsika, akungopereka lendi mwezi ndi mwezi mpaka adzapume ntchito alibe ngakhale kachipinda kamodzi kotchula kuti kanga.

Pali njira ina imene anzathu maiko ena akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 50 tsopano, amaitcha community land trust, ine apa ndizingoti trasti ya malo. Mutu wake ndi umodzi basi, kulekanitsa nyumba ndi dothi limene nyumbayo yakhalapo. Tinazolowera kuti ukagula nyumba wagula zonse, khoma, denga ndi poloti yomwe. Mu trasti sizitero. Bungwe la anthu a mderalo, losapanga phindu, limakhala mwini wa malo mpaka kalekale ndipo malamulo ake amaliletsa kuwagulitsa, ndiye banja limagula kapena kumanga nyumba pamalopo, nyumbayo nkukhala yake yeniyeni, yolembedwa mdzina lake, koma dothi lapansi amalibwereka ku bungwe kudzera mu lizi yaitali, kambiri zaka 99, yoti ikatha amaionjezeranso. Mwezi uliwonse banjalo limapereka kandalama kochepa ka malowo, osati lendi ya landilodi ayi, kangachepe koyendetsera bungwe. Palibe amene angabwere mmamawa nkukuuza kuti mwezi ukatha utuluke mwana wanga akufuna kulowamo. Ukhoza kupenta mtundu umene ukufuna, kudzala mapichesi kuseri, ndipo ukamwalira nyumba ndi liziyo zimapita kwa ana ako.

Ndiye poti sukulipira dothi, mtengo wolowera umatsika. Koma zikanathera pamenepo sibwenzi ili nkhani yayikulu, chifukwa boma ndi mabungwe akhala akupereka mapoloti otchipa kwa anthu osauka kuyambira kale, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika. Woyamba kulandira uja vuto likamugwera, kaya matenda kaya fizi ya mwana, amagulitsa kwa munthu wa ndalama pamtengo wa pamsika, ndipo pakangopita zaka zochepa dera lonse lija limene amati ndi la anthu ovutika limakhala la mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Thandizo lija lathandiza banja limodzi kamodzi kokha basi nkusungunuka. Chimene trasti imasiyana nazo ndi lamulo la kagulitsidwe limene limalembedwa mu lizi momwemo. Ukafuna kuchoka, sugulitsa kwa aliyense pamtengo uliwonse, bungwe ndilo limakhala loyamba kupatsidwa mwayi wogula kapena kukupezera banja lina lopeza mochepa limene lili pamndandanda, ndipo mtengo umawerengedwa ndi njira imene munagwirizana tsiku lolowa.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zimveke. Poloti ndi K5 miliyoni, nyumba ndi K15 miliyoni, pamsika zonse pamodzi K20 miliyoni. Mu trasti banja lalipira K15 miliyoni yokha. Papita zaka, dera latukuka, kwabwera madzi a mmipope, owerengera mitengo akuti malo ndi nyumba yotere tsopano ndi K32 miliyoni, ndiye kuti mtengo wakwera ndi K12 miliyoni. Ngati lamulo likuti wogulitsa amatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a kukwerako, banjalo lidzalandira K15 miliyoni yake ija kuphatikiza K3 miliyoni, ndipo banja lotsatira lidzalowa ndi K18 miliyoni mmalo mwa K32 miliyoni. Ngati munaonjezera chipinda kapena kuika siling'i, zimenezo amaziwerengera padera. Gawo la 25 peresenti limeneli ndi limene amagwiritsa ntchito a Champlain Housing Trust ku Burlington, mchigawo cha Vermont ku America, trasti imene inayamba mu 1984 Bernie Sanders ali meya wa mzindawo, khonsolo itaikapo madola 200,000 oyambira. Lero ali ndi nyumba zoposa 600 zoyendera dongosolo limeneli, zina zasinthana manja kangapo koma zikadali zoti munthu wamba angazikwanitse. Ku London anasankha njira ina, pamalo pamene panali chipatala chakale cha St Clement's ku Mile End anamanga nyumba 23 zimene mtengo wake saumangirira kumsika konse koma ku malipiro a anthu a mderalo, malipiro akakwera pang'ono nyumbanso imakwera pang'ono.

Apa ndi pamene anthu ambiri amakwinya nkhope, ndipo ndikuwamvetsa. Amati ndiye nyumba yanga yomwe ndisaigulitse mmene ndikufunira? Zoona, ukutaya mwayi wodzapha makwacha ambiri tsiku logulitsa, zimenezo sitingabise. Koma funso ndi loti kukwera kwa mtengo wa malo kumachokera kuti. Poloti ya pa Lizulu sikwera chifukwa mwini wake wakhetsa thukuta, imakwera chifukwa msika wakula, alimi a mbali zonse ziwiri za malire akubweretsa mbatata ndi masamba, msewu unamangidwa ndi misonkho ya tonse, sukulu yatsegulidwa. Ndi ntchito ya gulu imene yakweza mtengowo, ndiye sindikuona cholakwika kuti phindu lake lalikulu litsale ku gulu. Ndiponso amene trasti ikufuna kumuthandiza si munthu woti akusankha pakati pa poloti yakeyake ndi poloti ya trasti, ndi uja woti akusankha pakati pa trasti ndi lendi ya moyo wonse, yomwe ukatuluka sutenga ngakhale tambala.

Chiyambi cha zimenezi chimandikhudza chifukwa sichinachokere mmaofesi. Trasti yoyamba, New Communities, inakhazikitsidwa mu 1969 kufupi ndi Albany mchigawo cha Georgia ku America, ndi anthu omenyera ufulu wa anthu akuda monga Slater King, Charles Sherrod ndi mkazi wake Shirley Sherrod, pamodzi ndi Robert Swann. Nthawi imeneyo alimi akuda ambiri ankakhala ngati matenanti pa minda ya azungu ndipo munthu akangokalembetsa kuti adzavote ankathamangitsidwa pamalo, banja lonse nkusowa kolowera. Iwo anaona kuti ufulu wovota ulibe mphamvu ngati malo ogona ali mmanja mwa amene akukuopseza. Anaphunzirako ku India kumene Vinoba Bhave ankayenda wapansi kupempha eni malo kuti apereke malo kwa osowa ndipo pambuyo pake malowo ankasungidwa ndi mudzi wonse, komanso anapita ku Israel kukaona mmene malo amabwerekedwera pa lizi yaitali. Anagula maekala oposa 5,700. Koma anawagula ndi ngongole, ndipo chilala chitavuta kumayambiriro kwa zaka za mma 1980, nthambi ya boma yoona za ulimi inawamana thandizo la ngongole limene alimi achizungu ankalandira, mu 1985 malo onse anapita. Patapita zaka zambiri, mu 2009, anapambana pa mlandu wa tsankho limeneli nkupatsidwa chipukuta misozi cha madola pafupifupi 12 miliyoni, ndipo mu 2011 anagula malo ena. Phunziro lake kwa ife ndi lachindunji, malo a trasti asamakhale ndi ngongole pamutu ndipo asaperekedwe chikole.

Tsono tikabwera kwathu kuno, munthu wa ku Kaphuka kapena kwa Njolomole akamva zonsezi akhoza kunena kuti nanga chachilendo nchiyani, si mmene makolo athu ankachitira? Ndipo akunena zoona ndithu. Pa mwambo wathu malo ndi a mbumba, amfumu amagawa, mwini mbumba amayang'anira, iwe umamanga nyumba ndi kulima, ana ako amapitiriza, koma sunkatha kudzuka nkugulitsa munda wa agogo ako kwa munthu wodutsa. Nyumba yako, dothi la mtundu. Vuto ndi loti dongosolo limeneli linkayenda pa chikhulupiriro ndi pakamwa, ndipo ndalama zitalowa layamba kung'ambika, makamaka mmidzi yozungulira maboma ndi matrading'i senta. Malume amagulitsa mwakachetechete azilongo awo osadziwa, poloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri, madobadoba amadyapo pakati, nkhani nkukathera kubwalo la a T/A kapena kukhoti. Trasti ndi nzeru yomwe ija koma yolembedwa, yokhala ndi malire oyezedwa, mndandanda wa mamembala, akaunti ya ku banki ndi atsogoleri ochita kusankhidwa amene angathe kuchotsedwa.

Utsogoleriwo anaukonza mwanzeru. Mu trasti zambiri komiti yayikulu imagawidwa patatu mofanana. Gawo loyamba ndi anthu okhala mnyumba za trastiyo, lachiwiri ndi anthu a mderalo amene sakhala pamalowo koma ndi mamembala, lachitatu ndi oimira zofuna za anthu onse, monga a khonsolo, a mipingo kapena akatswiri a malamulo ndi zomangamanga. Cholinga chake nchakuti pasakhale gulu limodzi lotha kupanga chiganizo palokha. Okhalamo akanakhala okha, tsiku lina mitengo itakwera akanavota kuti tiyeni tichotse lamulo la kagulitsidwe tigawane phindu, ndipo amene akudikira pamzere akanaluza. Akunja akanakhala okha, akanamapanga malamulo opweteka anthu amene iwo sagona nawo. Kuno ine ndingakonde amfumu akhale mu gawo lachitatulo, alemekezedwe, mawu awo amveke, koma siginecha yawo yokha isakhale yokwanira kusuntha bikoni. Ndipo amayi asachepere theka, chifukwa kuno kwa ife a chikamwini amene amakhala pamalo nthawi zonse ndi amayi.

Malamulo a dziko lathu sakutseka khomo. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, wapampando nkukhala a gulupu, mamembala ena 6 osankhidwa ndi anthu ndipo osachepera atatu akhale amayi, komanso limalola kuti malo a makolo alembetsedwe ngati customary estate mdzina la munthu, banja kapena gulu la nzika za Malawi. Palinso Trustees Incorporation Act imene mipingo ndi mabungwe ambiri amalembetsera kuti athe kukhala ndi katundu mdzina la bungwe. Za lizi ya zaka 99 ndi kulipira ground rent sizachilendo, aliyense amene ali ndi poloti ya ku Lands akuzidziwa. Zipangizo zilipo, chofunika ndi loya wodziwa za malo woti azilumikize bwinobwino kuti chikalata cha banja lililonse chikhale champhamvu pamaso pa khoti, osati kapepala kolemba pamanja kodindidwa chidindo cha amfumu basi.

Koma tisanasangalale tione za ku Voi ku Kenya, chifukwa ndi kumene anayesa zimenezi muno mu Africa kumayambiriro kwa zaka za mma 1990. Anthu a dera la Tanzania-Bondeni ankakhala pamalo opanda zikalata, ndipo boma la Kenya mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ litafuna kukonza derali, anthuwo anasankha okha kuti malo akhale a gulu mmalo moti aliyense apatsidwe chikalata chake, poopa kuti osaukitsitsa adzagulidwa nkuchoka. Poyamba zinayenda, anthu anamanga nyumba zabwinoko, mantha ogumulidwa anatha. Pambuyo pake mavuto anabwera, malamulo a Kenya nthawi imeneyo analibe malo a chinthu chotere ndiye anachita kulumikiza mabungwe awiri movutikira, zikalata za mabanja zinachedwa kwambiri, utsogoleri unafooka othandiza atachoka, ndipo lamulo loti mwini nyumba azikhala momwemo linayamba kuphwanyidwa, ena nkumachititsa lendi ali kwina. Izi tikuzidziwa bwino ife, zili ngati komiti ya mjigo, chaka choyamba aliyense amasonkha ndipo kope limalembedwa, chaka chachitatu msungichuma sakuoneka ndipo mjigo wafa. Kusiyana kwake nkwakuti apa chimene chingafe ndi pogona pa mabanja. Ndiye trasti yopanda zisankho za nthawi yake, yopanda kuwerengetsa ndalama poyera pamaso pa mamembala, yopanda munthu mmodzi kapena awiri olipidwa oti ntchito yawo ndi imeneyi, bola osayamba.

Andale nawonso ndi oti kuwayang'anitsitsa. Ku San Juan ku Puerto Rico anthu okhala mmbali mwa ngalande ya Caño Martín Peña anadziwa kuti boma likakonza ngalandeyo malo awo adzakwera mtengo ndipo iwo adzakankhidwa, ndiye anamenyera lamulo la 2004 limene linakhazikitsa trasti yosunga maekala pafupifupi 200 a mabanja pafupifupi 2,000. Mu 2009 andale anasintha lamulo nkulanda malowo, anthu sanagonje, ndipo mu 2013 malowo anabwezedwa. Chinawapulumutsa nchakuti trastiyo inali ya anthu eni ake, ankaidziwa ndi kuikonda, sinali pulojekiti yobwera ndi galimoto.

Pali chinthu china chimene sitingakopere kwa anzathuwa mwachimbulimbuli, ndicho kawerengedwe ka mtengo wogulitsira. 25 peresenti ija imagwira bwino kumene ndalama ndi yokhazikika. Kuno kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene ankamanga nthawi imeneyo anaona mmene thumba la simenti ndi malata zinathawira. Mu chitsanzo chathu chija, K18 miliyoni ya tsiku logulitsa ikhoza kukhala yosakwana kugula zipangizo zimene K15 miliyoni inagula, ndiye kuti banja latuluka losauka kuposa mmene linalowera, ndipo imeneyo si trasti yothandiza. Maganizo anga ndi oti kuno mtengo uzimangiriridwa ku mtengo womangira, tsiku logulitsa awerengere kuti kumanga nyumba ngati imeneyi lero kungadye zingati, achotsepo za kutha kwa nyumbayo, dothi lisawerengedwe konse. Wogulitsa abweza mphamvu zake zenizeni, wogula salipira malo. Ena angakonde kuwerengera mmatumba a simenti, kuti nyumba iyi inalowedwa pa matumba akutiakuti, zimenezonso nzomveka kwa aliyense ngakhale amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo lamulo limene anthu akulimvetsa ndi limene amalisunga.

Za ngongole ya nyumba tisanamizane. Ku America mabanja a mu trasti amatenga loni ku banki, ndipo kafukufuku wa kumapeto kwa 2010, nthawi imene anthu ambiri ankalandidwa nyumba, anapeza kuti a mu trasti amene anali pa ndondomeko yolandidwa anali ochepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi ena onse, chifukwa bungwe limaunika loni munthu asanasaine ndipo akayamba kulephera kubweza limalowererapo msanga. Kuno chiwongoladzanja cha mabanki ndi chokwera kwambiri, mu 2024 chinali pamwamba pa 25 peresenti, mphunzitsi sangachikwanitse, ndiponso mabanki athu amafuna title deed ngati chikole. Koma ife timamanga mwanjira yathu, pang'onopang'ono, chaka chino fawundeshoni, tikakolola mbatata tifike pawindo, chaka chamawa pa lintala, kenako malata, nkulowa pulasitala asanachitike. Trasti ya kuno iyenera kulemekeza kamangidwe kameneka, ipereke poloti yoyezedwa, msewu, madzi ndi pulani yosavuta, ipereke nthawi yokwanira yomangira koma yokhala ndi malire kuti munthu asangogwira poloti osaikapo kanthu, ndipo ndalama zichokere ku banki nkhonde, ma SACCO ndi thumba lozungulira la bungwe lomwelo. Magulu a amayi osunga ndalama amene amagwira ntchito ndi bungwe la CCODE, lothandiza anthu ovutika pa nkhani za nyumba, anaonetsa kale ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuti anthu opeza mochepa akhoza kusonkha nkumanga nyumba zawo kudzera mu thumba lawo la Mchenga. Chimene trasti ikuonjezera ndi loko woti nyumbazo zisadzathere mmanja mwa olemera.

Nkhani ya imfa ndi kutha kwa banja ilembedwe tsiku loyamba, osadikira maliro. Kuno tili ndi a chikamwini, a chitengwa, Achewa, Angoni, Ayao, ndi obwera chifukwa cha ntchito, ndipo poloti ya trasti si ya mbumba ya mwamuna kapena ya mkazi. Liziyo ilembedwe maina onse awiri, ndipo itchule kuti mmodzi akatisiya wotsalayo ndi ana apitiriza kukhala, achibale asabwere kudzazula malata. Apa trasti ikhoza kuteteza amayi amasiye kuposa mmene poloti wamba imachitira, chifukwa wofuna kulanda sangagulitse popanda bungwe kudziwa.

Nanga malo oyambira achokera kuti, poti ndanena kuti asagulidwe pa ngongole? Khonsolo ikamagawa mapoloti atsopano ikhoza kupatula gawo nkulipereka ku trasti mmalo mogulitsa onse kwa amene wafika ndi ndalama. Mipingo yathu ili ndi malo kuyambira nthawi ya amishoni, ndipo kwa mpingo njira imeneyi ndi yabwino chifukwa ukudziwa kuti chimene wapereka sichidzasanduka bizinesi ya munthu. Komanso mbumba zimene zili mmphepete mwa boma, zimene tauni ikuzifika kale pakhomo, mmalo moti aliyense azidula kachidutswa nkugulitsa mpaka adzukulu adzasowe pomanga, zikhoza kugwirizana nkulembetsa malo awo pamodzi, ana a pamudzi nkukhala oyamba pamndandanda, otsala nkupatsidwa kwa aphunzitsi ndi anamwino amene akutumikira mderalo, kandalama ka pamwezi kaja nkumathandiza mudzi. Sipafunika kuyamba ndi maekala mazana, maekala awiri kapena atatu okwana mabanja 20 ndi okwanira kuti anthu aone ndi maso mmene zikuyendera, makamaka tsiku limene banja loyamba lidzafune kuchoka ndipo lamulo la kagulitsidwe lidzayesedwe koyamba.